Ulendo wautali wakunja: khadi liti, akaunti iti?

Wapaulendo:
Moni nonse akuluakulu. Ndikukonzekera ulendo wakunja wotenga chaka kapena kupitirira, ndipo sindikakhala dziko limodzi. Ndiyambira ku Europe kenako Asia, ntchito ndizikagwira pa intaneti. Panopa ndili ndi akaunti imodzi yokha ndi khadi la debit la Visa. Kodi limeneli likwanira, kapena nditsegule akaunti ina? Nanga Wise ndi Revolut zomwe anthu amazitama zija, n'zothandizadi kapena ndi malonda chabe? Amene munayendapo ndigawireniko nzeru, paja safunsa anadya phula.

Dalaivala wa Mathiraki:
Khadi limodzi ayi achemwali, musayese n'komwe. Makina a ATM amameza khadi, banki imalitseka ikaona kuti latapa ndalama kudziko lachilendo, chikwama chimabedwa. Mukhale ndi awiri, ndipo asakhale a banki imodzi.

Wamakompyuta:
Ndionjezere pa zomwe anena a Dalaivala. Lina likhale la Visa, lina la Mastercard. Mu June 2018 Visa inavuta ku Europe kwa maola angapo, anthu anasiya katundu pa kauntala ali ndi ndalama mu akaunti. Amene anali ndi Mastercard analipira bwinobwino. Sizichitika kawirikawiri, komabe palinso ma ATM ndi masitolo ena omwe amangokana mtundu umodzi popanda chifukwa chomveka. American Express musaidalire ngati khadi lalikulu, malo ambiri ang'onoang'ono salandira. Ndipo makhadi awiriwo asamayendere m'chikwama chimodzi.

Wapaulendo:
Zikomo nonse awiri. Nanga machaji? Ndamva kuti kunja amadula kwambiri koma sindidziwa kuti amadula pati.

Kalaliki Wopuma:
Mwanangu, machaji a kunja sadulidwa pamalo amodzi, n'chifukwa chake anthu amadzidzimuka akaona sitetimenti. Mukatapa ndalama pa ATM ya dziko lina, odya amakhala angapo.

Visa kapena Mastercard ndi amene amasintha ndalamazo pa reti yawo. Reti imeneyi nthawi zambiri siikhala yoipa, ndipo onse awiri ali ndi tsamba pa intaneti pomwe mungaone reti ya tsikulo. Pamwamba pake banki yanu imaonjezera peresenti yake pa chilichonse chomwe mwagula kapena kutapa m'ndalama zakunja. Mabanki ambiri amaika pakati pa 1 ndi 3 peresenti, ena amapitirira. Banki yomweyo imathanso kukudulani ndalama yokhazikika nthawi iliyonse mukatapa kunja, kaya mwatapa zambiri kaya zochepa. Ndiye pali mwini makina, amene naye amatenga zake, ndipo zimenezo banki yanu sizikuikhudza.

Peresenti imaoneka yaing'ono mukakhala pa tchuthi cha masabata awiri. Pa chaka ndi nkhani ina. Tiyerekeze kuti chaka chonse mwagwiritsa ntchito madola 15,000. Pa 3 peresenti ndi madola 450 opita chabe, musanawerengere za ATM. Choncho musanasankhe khadi, pitani ku banki mukapemphe pepala la machaji. Musafunse kuti "kodi khadili limagwira ntchito kunja?" chifukwa adzangoti eya n'kumwetulira. Funsani peresenti yomwe amaonjezera pa reti, ndalama yomwe amadula pa kutapa kulikonse, ndi malire a zomwe mungatape pa tsiku ndi pa mwezi.

Mayi a Mapasa:
Bambo Kalaliki, mwasiya wodya wamkulu kuposa onsewo. Makina aja, kaya a ATM kaya oswaipira mu sitolo, akazindikira kuti khadi ndi lakunja amakufunsa mwaulemu kuti, tikuwerengereni m'ndalama za kwanu kapena za dziko lino? Munthu ukaona ndalama zomwe unazolowera mtima umakhala pansi, n'kuvomera. Apo ndiye wagwa nazo. Ukavomera, amene akusintha ndalamayo salinso Visa kapena Mastercard koma mwini makina, pa reti yomwe wadziikira yekha, ndipo imakhala yoipa kwambiri. Nthawi zonse sankhani ndalama za dziko lomwe muli. Muli ku Poland sankhani zloty, muli ku Thailand sankhani baht. Makina ena amachita kukuopsezani kuti mukakana reti yathu sitikutsimikizirani mtengo. Kanani basi, ndalama zimatuluka chimodzimodzi.

Kalaliki Wopuma:
Mwanena zoona mayi. M'mayiko a European Union, kuyambira 2020 lamulo limawakakamiza kuonetsa peresenti yomwe aonjezera pamwamba pa reti ya European Central Bank. Vuto n'lakuti munthu ali pa mzere, kumbuyo kuli anthu, sawerenga. Ndipo mu lesitilanti woperekera zakudya amatha kukusankhirani yekha asanakupatseni makina, ndiye muziyang'ana kuti ndi ndalama iti yalembedwa musanaike PIN.

Mayi a Mapasa:
Komanso ma ATM oima okha pa bwalo la ndege ndi m'misewu ya alendo, aja osalembedwa dzina la banki iliyonse, muziwalambalala. Lowani mu banki yeniyeni nthawi ya ntchito. Makina akameza khadi muli ndi munthu womulankhula, ndipo akuba savutika kumata tizipangizo tawo tokopera makhadi pamalo pomwe pali mlonda ndi kamera.

Wokayika:
Ine ndiye ndikuona ngati mukumuopseza mwana wa eni. Kungotapa zambiri kamodzi, nkhani yatha. Ku Thailand pafupifupi ATM iliyonse imadula ma baht oposa 200 pa khadi lakunja, kaya watapa 1,000 kaya 20,000. Wotapa 1,000 wataya gawo limodzi mwa magawo asanu. Wotapa 20,000 sakumva n'komwe.

Dalaivala wa Mathiraki:
Masamu anu ali bwino achimwene, koma ndalama zambirizo mukagona nazo kuti? Khadi likabedwa mumalitseka, ndalama za m'thumba zikabedwa mutseka chiyani?

Wokayika:
Kkkk mumagawa, zina m'thumba zina mu chikwama zina mu sefu ya pa hotela. Sindikunena kuti atape za mwezi wonse. Za sabata imodzi kapena awiri.

Wapaulendo:
Apa ndamva. Za Wise ndi Revolut bwanji? Palibe wayankhapo.

Wamakompyuta:
Ndi zenizeni, si malonda chabe. Wise inayamba ku London mu 2011 ikutchedwa TransferWise, dzina inasintha mu 2021. Ubwino wake ndi wakuti imasintha ndalama pa reti ya pakati, ija mumaiona mukafufuza pa Google, ndipo chaji yake imaionetsa poyera musanavomere. Mu akaunti imodzi mumatha kusunga madola, ma euro, mapaundi ndi zina zambiri, komanso amakupatsani manambala a akaunti olandirira malipiro m'ndalama zina. Kwa inu ogwira ntchito pa intaneti zimenezo n'zothandiza, chifukwa ndalama zotumizidwa kudzera pa SWIFT, njira yomwe mabanki a mayiko osiyana amatumizirana ndalama, zimadyedwa ndi mabanki a m'njira. Revolut inayamba mu 2015, nayo imachita zofanana, kungoti pa akaunti yaulere pali malire a zomwe mungasinthe pa mwezi ndipo kumapeto kwa sabata amaonjezerako pang'ono. Onse awiri ali ndi malire a ndalama zomwe mungatape pa ATM mwaulere, mukapitirira amayamba kudula. Malirewo amasinthasintha, ndiye muwerenge pa tsamba lawo.

Chomwe ndimakonda kwambiri ndi app. Khadi mumalitseka ndi kulitsegula nokha pa foni, mumaona chilichonse chomwe chadulidwa nthawi yomweyo, ndipo mumatha kupanga khadi la pa foni logulira zinthu pa intaneti kuti nambala ya khadi lenileni isamangomwazika paliponse.

Namwino Kunja:
Zonsezo n'zoona koma mwadumpha poyambira. Makhadi amenewa sapatsidwa kwa aliyense. Amayang'ana dziko lomwe mukukhala mwalamulo, osati lomwe mukupita. Wise imapereka khadi kwa okhala m'mayiko ena okha, monga UK, mayiko a European Union, America, Australia, Singapore ndi Japan. Revolut nayo ili ndi mndandanda wake. Munthu akhoza kutsegula akaunti ya Wise yotumizira ndalama koma khadi osapatsidwa. Achemwali, musanayambe kulota, lowani pa tsamba lawo muone ngati dziko lanu lilipo. Chimodzimodzi akaunti ija ya kampani ya ku America ya Charles Schwab yomwe apaulendo amaitama kuti imabweza machaji a ATM, anthu ambiri amene amaitchula ndi okhala ku America.

Wokayika:
Si kungolemba adilesi ya m'bale amene ali ku London?

Kalaliki Wopuma:
Ayi ndithu, nzeru imeneyo musampatse mwanayu. Mabanki ndi makampani a ndalama amakakamizidwa ndi lamulo kudziwa kasitomala wawo. Tsiku lililonse akhoza kupempha umboni wa adilesi, kapena wa komwe ndalama zikuchokera, ndipo pomwe akudikira yankho akaunti amaiumitsa. Munthu wonena zoona amatumiza mapepala n'kutsegulidwa. Wolemba adilesi ya eni atumiza chiyani? Ndalama zake zili mkati, iye ali kudziko la eni, lendi ikudikira.

Ndinenenso ichi. Si kampani iliyonse yokhala ndi khadi ndi app yomwe ili banki. Banki ikagwa, m'mayiko ambiri muli thumba lobwezera osunga ndalama. Ku European Union limafika ma euro 100,000 pa munthu pa banki, ku America bungwe la boma lotchedwa FDIC limateteza mpaka madola 250,000. Wise m'malo ambiri si banki. Lamulo limaiuza kusunga ndalama za makasitomala padera, osazisakaniza ndi zake, chomwe ndi chitetezo ndithu koma cha mtundu wina. Revolut ili ndi chiphaso cha banki cha ku Lithuania chomwe imagwiritsa ntchito kwa makasitomala a ku European Union, pomwe kwina imayendera ziphaso zina. Ine maganizo anga ndi akuti makhadi amenewa ndi abwino poyendera, koma chuma chanu chonse chisagone mmenemo.

Mayi a Mapasa:
Ndi momwe ndimachitira ine. Ndalama zambiri zimakhala mu akaunti yomwe khadi lake silituluka m'chikwama chachikulu. Sabata iliyonse ndimasamutsa zochepa kupita ku akaunti yoyendera, ndipo khadi la imeneyo ndi lomwe limalowa m'makina a anthu. Wina akalikopera apeza za sabata imodzi basi.

Namwino Kunja:
Tsopano ndinene chomwe ndikuona kuti n'chachikulu kuposa machaji onsewa, chifukwa machaji amangokupweteka koma ichi chimakusiya pa msewu. Nambala ya foni.

Mukamagula tikiti ya ndege kapena kulipira malo ogona pa intaneti, banki imatumiza pa SMS nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi kokha, ija amati OTP. Mukamalowa mu app pa foni yatsopano, OTP. Mukamatumiza ndalama kwa munthu watsopano, OTP. Banki ikakayikira zomwe khadi lachita, imatumiza uthenga kapena kuimba pa nambala yomweyo. Ndiye munthu amafika kunja, amachotsa SIM yake, amaika ya dzikolo chifukwa data ndi yotchipa, SIM yakale n'kuiponya pansi pa chikwama. Layini yomwe siikuikidwa mayunitsi kwa miyezi ingapo kampani imaitseka, ndipo pakapita nthawi nambalayo imaperekedwa kwa munthu wina. Apo ndalama muli nazo, khadi muli nalo, koma simungazifikire. Mukaimbira banki kuti asinthe nambala, mabanki ena amati bwerani nokha ku nthambi ndi chiphaso. Inu muli ku Hanoi, ku Vietnam.

Ndiye musananyamuke fufuzani kuti layini yanu imatha nthawi yaitali bwanji osaigwiritsa ntchito, ndipo mudziwe momwe mungaikire mayunitsi muli kunja. Roaming, yomwe imalola layini yanu kugwira ntchito kunja, itsegulidwe mudakali kwanu. Foni ikhale yolowa ma SIM awiri, kapena yolandira eSIM, SIM yoikidwa mu foni popanda kakhadi, kuti nambala ya ku banki izikhala yoyaka nthawi zonse pomwe data mukugula kwina. Data ya roaming pa layini imeneyo muizimitse, apo ayi ikumalizani. Ndipo ngati pali banki yomwe imalola kuvomereza malipiro kudzera mu app osadikira SMS, kwa ine imeneyo yapambana ngakhale itakhala ndi machaji okwererapo, chifukwa app imagwira ntchito paliponse pomwe pali Wi-Fi.

Dalaivala wa Mathiraki:
Ine SIM ya ku banki ndimasiyira mayi a kunyumba. OTP ikabwera amanditumizira pa WhatsApp. Palibe za roaming.

Namwino Kunja:
Kwa inu zimatheka achimwene chifukwa simupita kutali, nthawi imakhala yofanana. OTP imafa pakangopita mphindi zochepa. Mchemwaliyu akakhala ku Asia, masana ake kwawo kudzakhala kukali mbandakucha. Adzadzutsa ndani?

Kalaliki Wopuma:
Palinso china. Malamulo a mabanki amaletsa kupatsa munthu wina OTP kapena PIN, ngakhale mkazi wako. Ndalama zikabedwa n'kupezeka kuti foni ya OTP inali m'manja mwa wina, banki ili ndi pothawira. Ngati mukufuna kuti wina azikuthandizani kwanu, njira yake ilipo. Mukamulembetse ku banki kuti akhale ndi mphamvu pa akauntiyo, kapena mumulembere kalata kwa loya. Sankhani munthu amene mumamudziwa bwino pa nkhani ya ndalama, osati wongoti ndi wachibale.

Wamakompyuta:
Ganiziraninso za tsiku lomwe foni idzabedwe. App ili momwemo, SIM ili momwemo, imelo ili momwemo. Mugula foni ina, app ikufuna OTP, OTP ikupita ku SIM yomwe ili ndi wakuba. Ikani PIN pa SIM kuti asaigwiritse ntchito pa foni ina. Manambala obwezeretsera imelo yanu muwasindikize pa pepala, pamodzi ndi manambala a foni a mabanki anu oimbira muli kunja, chifukwa aulere aja nthawi zambiri salowa mukakhala dziko lina. Ena amasunga SIM ya ku banki mu kafoni kena kotchipa komwe sikatuluka m'chipinda. Si nzeru yoipa.

Wapaulendo:
Eee, za SIM ndiye sindinaziganizire ngakhale pang'ono. Nanga khadi la credit ndi lofunika? Ine ngongole ndimaiopa.

Mayi a Mapasa:
Kuiopa n'kwabwino, koma likapezeka tengani. Mahotela ndi obwereketsa magalimoto amagwira ndalama ina ngati chikole mukamafika. Pa khadi la debit ndalama imeneyo ndi yanu yeniyeni, imaumitsidwa, ndipo nthawi zina imatenga masabata kuti imasuke ngakhale mutabweza galimoto ili bwino. Pa credit amangogwira gawo la malire anu. Obwereketsa magalimoto ambiri debit salandira n'komwe. Komanso mukalipira chinthu osachilandira, kapena wina akaba nambala, pomwe banki ikufufuza ndalama yomwe yapita si ya chakudya chanu.

Kalaliki Wopuma:
Koma khadi la credit musatapire ndalama pa ATM pokhapokha zitavuta. Chiwongola dzanja chimayamba tsiku lomwelo, palibe masiku achisomo aja amapereka mukagula katundu, ndipo pamwamba pake pali chaji ina. Mukonzenso kuti ngongole yonse izidulidwa yokha ku akaunti yanu mwezi uliwonse, chifukwa pa ulendo masiku amasokonekera.

Wokayika:
Funso lomwe palibe wafunsa: kodi dziko lanu limalola kuti mutulutse ndalama zochuluka bwanji? Mayiko ena ali ndi malamulo oletsa kugwiritsa ntchito ndalama zakunja mopitirira mlingo, ndipo mabanki amaika malire pa khadi, pa mwezi kapena pa ulendo. Ena amafuna kuona tikiti ndi pasipoti asanatsegule khadi kuti ligwire kunja. Mungakhale ndi mamiliyoni mu akaunti koma khadi n'kumakana malire akakwana.

Kalaliki Wopuma:
Apa ndiye mwalankhula ngati munthu wamkulu achimwene. Ndipo ngati malipiro anu amabwera m'madola kapena ma euro, funsani ngati mungatsegule akaunti ya ndalama zakunja yokhala ndi khadi lake. Apo ayi ndalama zanu zidzasinthidwa kawiri, polowa ndi potuluka, ndipo kawiri konseko mukuluza. Ndalama ya kwanu ikagwa mphamvu muli pa ulendo, bajeti yonse imasokonekera.

Dalaivala wa Mathiraki:
Kkkk Wokayika wayamikiridwa lero, lembani tsikuli.

Wamakompyuta:
Popeza mwati Europe ndi Asia, dziwani kuti mayiko sayendera chimodzi. Ku London mabasi anasiya kulandira ndalama za m'manja mu 2014, mumangogunditsa khadi kapena foni, choncho khadi lanu likhale la contactless. Ku Sweden masitolo ambiri ndalama za m'manja sazifuna. Ku Germany n'zosiyana, malo ang'onoang'ono ena amafuna ndalama za m'manja kapena girocard, khadi la mabanki akomweko. Ku Japan si ATM iliyonse yomwe imalandira khadi lakunja, koma za m'masitolo a 7-Eleven ndi za ku positi ofesi zimalandira. Ku China pafupifupi chilichonse amalipira pa foni ndi app ya Alipay kapena WeChat Pay, ndipo kuyambira 2023 zonse ziwiri zimalola kulumikiza Visa kapena Mastercard yakunja. Muzilumikize musanalowe m'dzikomo. Ku Russia makhadi a Visa ndi Mastercard operekedwa kunja anasiya kugwira ntchito mu March 2022, ndipo ku Iran nakonso sagwira.

Ngati banki yanu imalola, ikani makhadi onse pa Google Wallet kapena Apple Pay. Khadi lenileni likatayika kapena kumezedwa, nthawi zina foni imakupulumutsani pogula chakudya.

Mayi a Mapasa:
Ndipo musanyoze ndalama za m'manja zosungira tsiku loipa. Madola kapena ma euro okwanira malo ogona ndi chakudya cha masiku angapo, obisidwa padera. Akhale atsopano, osang'ambika, osalembedwa. Ku Cambodia ndi ku Myanmar madola othimbirira amawakana poyera. Mukanyamula zambiri kumbukirani kuti polowa kapena potuluka mu European Union, ma euro 10,000 kapena kuposa apo amayenera kulembetsedwa kwa a kasitomu.

Wapaulendo:
Ndangoyang'ana khadi langa, likutha ntchito ndili pakati pa ulendo. Banki ingathe kunditumizira lina kunja?

Kalaliki Wopuma:
Ena amatumiza pa kampani yonyamula makalata inu n'kulipira, ambiri amatumiza ku adilesi yomwe munalembetsa kapena amati mukatenge nokha ku nthambi. Musadikire zimenezo. Pitani muwauze kuti mukuchoka kwa nthawi yaitali, akupatsireni latsopano panopa. Likabwera litapireni kamodzi pa ATM ndi kugulira kanthu pa intaneti mudakali kwanu, kuti muone ngati PIN ndi OTP zikuyenda. PIN ikhale ya manambala anayi, makina ena kunja yaitali amaikana. Pomwepo afunseninso kuti akaunti imakhala miyezi ingati osagwiritsidwa ntchito asanaigoneke, chifukwa khadi lachiwiri lija likangokhala m'chikwama chaka chonse mudzalipeza litafa tsiku lomwe mukulifuna. Muziligulira kanthu kakang'ono mwezi uliwonse.

Namwino Kunja:
Muwapatsenso mndandanda wa mayiko omwe mukupita ngati banki yanu imalemba zimenezo. Ena masiku ano safuna, ena mumalemba nokha mu app. Ndipo akaunti yachiwiriyo mutsegule mwezi uno, osati sabata yonyamuka, makhadi amachedwa kutuluka.